Chofiira cha Gervásio

Ku Moatize fumbi la malasha silipempha odi.
Limalowa m'mphuno, m'kolala ya bulawuzi,
pansi pa zilembo za kiyibodi,
mpaka G amakanirira ngati mbuzi pamlatho.
Ine ndimagwira ntchito m'kontena, pambali pa sikelo ya malole,
ine, fani yodwala khosi,
ndi zenera lakuda lija lodikira kuti ndiliuze mawu.

Mu Novembala, kutentha kosasiyanitsa usana ndi usiku,
ndinati ndilikongoletse.

Ndinayamba ndi bash, poti ndinamupeza momwemo.
Mlamu wachikulire ameneyu: sakana ntchito, saseka.
Ukafuna dzina lako lioneke lachikasu
umamulembera mzere wa minga yokhayokha,
ndipo ukaiwala kutseka kamodzi
mzerewo umadzidya mchira.

zsh anafika ndi masutikesi.
Zovala mazana, zosokedwa ndi anthu akutali osalipidwa,
zoyanikidwa poyera, aliyense asomole, asokenso.
Ndinamuveka zonse, dyera.
Makina athu okalamba anayamba kudzuka
ngati chapa cha ku Zóbuè
chosanyamuka chisanadzaze.

fish ndi wa pakamwa pothamanga.
Ndisanamalize mawu wandimalizira,
ndikaphonya chilembo wafiiritsa kale ndisanagunde batani.
Ndinamukonda masiku anayi.
Koma timalamulo takale, tosiya injiniya uja anabwerera ku Beira,
anangotiyang'ana, nati si chilankhulo chake.

Ndinaphunziranso kuti utoto suyenda bwino m'paipi.
Ena amauvula okha akaona kuti palibe diso lowapenya,
ena amaukankha chomwecho,
ukafika m'fayilo wasanduka zitosi:
[31m apa, [0m apo.
less amakubwezera zitosizo
pokhapokha utamunong'oneza -R.

Komabe pofika Lachisanu zenera linali ngati chitenje chatsopano.
Kubiriwira: sikelo ili bwino.
Kufiira: sikelo yanama, imitsani lole.
Ndinakwera njinga yamoto ndikudzitama ndekha,
Revúbuè ali phee kumanzere, mchenga wokhawokha.

Usiku amalowa ndi Gervásio.

M'mawa ndinapeza malole khumi ndi asanu ndi awiri
adutsa pa sikelo yonama,
mizere yofiira ili ndondondo ngati linthumbu,
bwana Sabonete akutuluka thukuta la mkwiyo,
Gervásio chipewa m'manja.
“Sunaone kufiira?”
Anayang'ana galasi nthawi yaitali.
“Mana Ermelinda, kufiira kwake ndi kuti?
Ine ndikuona mizere yonse ngati udzu wa mu Okutobala.”

Zaka makumi anayi ndi zitatu.
Matimati amagula pofinya.
Chitenje cha mkazi wake amachitama pongomva ena.
Palibe anamufunsapo, naye sanauze munthu,
poti ntchito ku Moatize siigwa ngati malambe.

Madzulo amenewo sindinayerekezenso zida.
Ndinavula zsh masutikesi, ndinatsanzikana ndi fish,
ndinabwerera kwa mlamu wosaseka uja.
Ndinafunsa tput kuti zenera lino lidziwa mitundu ingati,
anati isanu ndi itatu. Ndinati yachuluka.
Ndinalemba kuti sikelo ikanama
pazituluka mawu, akuluakulu, onenepa:
YANAMA. IMITSANI.
Ndi kabelu kolira kawiri.
Kufiira ndinakusiya pomwepo, kwa ife okuona,
koma tsopano kumayenda pambuyo pa mawu
ngati mwana woperekeza.
Wosakufuna alembe NO_COLOR, kuchoke mwaulemu.

Zomwe ndinasinthazo ndinaziyanika nanenso poyera,
mizere makumi awiri, ndi kakalata ka Chipwitikizi chothyoka,
mwina kwinakwake kuli Gervásio wina
wosunga chinsinsi chake pansi pa chipewa.

Sabonete anatidula malipiro tonse awiri.

Dzulo, posinthana, ndinamupeza akupukuta kiyibodi ndi mswachi wakale.
Kabelu kanalira. Sanadzutse n'komwe mutu,
anangotulutsa dzanja pawindo,
lole ya matani makumi atatu n'kuima,
fumbi lake n'kupitirira lokha.